Za Tulo ta Mlendo m'Ndege ya Usiku

Ndidziwa kuti ena a inu pakuona mutu wa nkhani iyi mudzati, Za ndege ziri ndi ciani ndi ife, anthu oyenda pa kabaza ndi pa matola? Inenso ndinkatero. Ndakulira pano pa Zomba, m'tsinde mwa phiri, ndipo ndege ndinkaiona monga aionera mwana woweta mbuzi ku Likangala, kanthu konyezimira kopita kwa eni ace. Koma nthenda siyamba yafunsa kuti munthu azolowera kuyenda pa ciani. Masiku ano mabanja ambiri a dziko lino aperekeza odwala ao ku India, ena otumidwa ndi boma, ena ndi ndarama zosonkha pa cibale ndi pa mpingo. Ndipo tsiku lotere likafika pakhomo panu, mudzafuna kudziwa cimene mulikugula. Cifukwa cace ndilemba; ndipo sindibisa ai, ndilemba mtima uli kuwawa.

Amalume anga, amene anandilera atamwalira atate, anadwala msana zaka ziwiri, kufikira sanathenso kukhala tsonga ngakhale nthawi yophika nsima. Sing'anga anati, Ku India kuli cithandizo. Koma bambo awa musawakhazike pa mpando wopanikiza usiku wonse, muwagulire malo akuti agone. Tsono m'ndege zazikuru muli zipinda ziwiri kapena zitatu. Kumbuyo kukhala khamu la anthu, maondo ao kugundana ndi mpando wa patsogolo. Kutsogolo, kuseri kwa nsaru yocinga, kuli cipinda cimene acicha bizinesi kalasi, m'mene mpando utambasuka nusanduka kama. Mtengo wa kama ameneyo unaposa katatu mtengo wa mpando wa kumbuyo, ndipo tinagula awiri, popeza amalume sakadatha kutembenuka kapena kupita kukadzithandiza popanda ine. Malo ao a ku Chinamwali, amene ankati adzamangapo nyumba ya ukalamba, anapita. Amai a mumpingo anasonkha, ena mpunga, ena nkhuku. Ndinena izi kuti mudziwe kuti sitinalikufuna ulemu. Tinalikugula tulo, monga munthu agula mankhwala.

Tinakwera pa Chileka masana, tinatsika madzulo pa mzinda wina wa ku East Africa, ndi kudikira ndege ya ku Mumbai yonyamuka 11 koloko usiku. Dzina la kampani sindilichula, pakuti mlandu uwu suli wa kampani imodzi, uli wa mwambo wonse.

Tiyeni tiwerenge pamodzi, monga ana a sukulu pa sileti. Ulendo wa usiku uja unali wa maora asanu ndi theka. Nthawi ya ku India iri patsogolo pa yathu ndi maora atatu ndi theka. Ndiko kuti munthu akamauluka kulinga kum'mawa alikuthamangira dzuwa, ndipo usiku wace ufupika. Pamene tinatera, ku Mumbai kunali kutaca, 7 koloko. Koma kuno ku Zomba inali 3 koloko ndi theka, tambala woyamba atangolira. Ndipo maora asanu ndi theka aja palibe munthu awagona onse. Ndege ikamakwera, mpando uyenera kuima ciriri, munthu ali ndi lamba m'ciuno, ngati theka la ora. Ikamatsika momwemonso, ndi kuposapo. Izi sinditsutsa, pakuti ndi za kusunga moyo. Atsala maora anai ndi pang'ono. Amenewo ndiwo katundu amene tinagula ndi malo a ku Chinamwali.

Taonani tsono umo anawagawira. Malamba atangomasulidwa, magetsi onse ali ngwee, anadza ndi kathaulo kotentha kopukutira manja. Anapita, nabwera kudzatenga kathauloko. Anabwera ndi pepala la zakudya, nafunsa cimene tidzamwa. Anabwera ndi cakumwaco, ndi mtedza m'kambale. Anabwera kudzayala nsaru pa gome. Anabwera ndi cakudya coyamba, cozizira. Pambuyo pace mkate m'dengu. Pambuyo pace cakudya cacikuru. Pambuyo pace zotsekemera. Pambuyo pace tiyi kapena khofi, pakati pa usiku. Potsiriza anadutsa ndi kangolo ka malonda, mafuta onunkhira ndi mawochi. Amalume anakana zonse kuyambira pa mtedza. Anati, Zikomo mwananga, ndadya kale, ndifuna kugona. Namwaliyo anamwetulira bwino lomwe, nati, Cabwino agogo. Koma magetsi sanazime, pakuti ena analikudya, ndipo mafoloko ndi mbale zinalikulira mbali zonse ngati pa ukwati. Ndinayang'ana wochi pamene anazima: panali patapita maora awiri cinyamukire. Ndipo kutatsala ora limodzi ndi theka kuti titere, magetsi aja anayakanso, nayamba kufunsa za mazira.

Mdima unali wa maora awiri okha. Akatswiri a za tulo ati tulo ta munthu tiyenda m'magawo a mphindi ngati 90, ndipo iye amene adzutsidwa pakati pa gawo auka mutu uli wolemera, monga woledzera. Tsono munthu wa msana wowawa sagona pomwe nyali yazima. Ayamba wafunafuna nthiti yogonera. Amalume anapeza tulo mdima uli pafupi kutha, ndipo dzanja laulemu linawagwedeza paphewa, kuwafunsa ngati afuna mazira kapena zipatso. Tinafika ku cipatala ali otuwa, osatha kuyankha bwino zofunsidwa, ndipo asing'anga anati, Apumule, tidzawayesa mawa. Tsiku limenelo, la kudya ndi kugona m'dziko la eni, tinalipira.

Nanga cakudya cimeneci, cimene munthu alandidwa tulo cifukwa ca ico, ncotani? Inu a ku Zomba mudzandimva msanga. Ndege iuluka pamwamba ndithu, kumene munthu sangapume. Cifukwa cace aipopera mpweya m'kati, koma saupopa kufikira ufanane ndi wa pansi. Mpweya wa m'cipinda ufanana ndi wa pa phiri la mamita 1,800 kufikira 2,400. Tauni yathu iri pa mamita ngati 900, ndipo nsonga ya Malumbe, imene iposa zonse pa phiri la Zomba, ipitirira pang'ono 2,000. Tsono wokwera ndege ali ngati munthu amene wanyamulidwa pa msika naikidwa pa Malumbe m'mphindi 20. Kusiyana kwace nkwakuti pa phiri pathu pali nkhungu ndi mame, koma m'ndege mpweya ngwouma koposa wa mwezi wa October. Mphuno ziuma, lilime silimva bwino mcere kapena shuga, mimba itupa ndi mpweya, ndipo vinyo, amene ena amyesa mankhwala a tulo, angoonjeza ludzu nadula tulo pakati. Mai ali yense wa ku Songani adziwa kuti munthu wofuna kugona msanga sumdzaza mimba ndi nyama pakati pa usiku ndi kumpatsanso khofi. Koma anthu ophunzira, amene alemba mabuku a malangizo a m'ndege, acita ngati sadziwa.

Mau anga ndi awa: pa ulendo waufupi wa usiku, utumiki uyesedwe ndi mphindi za tulo zimene wotumikira wamsiyira mlendo, si ndi kucuruka kwa mbale zimene wamtulira ai. Kampani ikaonetsa cithunzi ca munthu wogona pa kama, nilandira ndarama za kama, niletsa munthuyo kugona, yagulitsa cinthu cimene sinapereke. Pa msika wathu, wogulitsa mpunga wa ku Chilwa akakupatsa nandolo m'malo mwace, cinkana nandoloyo akhale wabwino ndi wokulungidwa m'pepala lokongola, udzapita naye kwa mkuru wa msika.

Mwambo wa phwando uli ndi kumene unacokera. M'caka ca 1949 ndege za kampani ya BOAC, zakutera pamadzi, zinayamba kuima pa Cape Maclear pa ulendo wao wa pakati pa England ndi Johannesburg, ndipo zinaleka m'caka ca 1950. Ndege zija zinkauluka usana. Kukada, alendo ankatsika nagona pa kama weniweni m'hotela, nauka m'mawa kupitiriza ulendo. Unali ulendo wa masiku angapo, ndipo cakudya ca m'ndege cinali ndi malo ace, pakuti munthu wokhala tsiku lonse kuyang'ana mitambo afuna cotaitsa nthawi. Pambuyo pace ndege zinafulumira, usiku unasanduka nthawi ya ulendo, ndipo m'caka ca 2000 British Airways inayamba kuika mipando yosanduka kama m'bizinesi kalasi, makampani ena naitsata. Kama analowa, koma phwando silinaturuke. Ndipo ziwirizi zilikulimbana m'cipinda cimodzi kufikira lero. Si kutinso mankhwala ace sadziwika. Kampani yomweyo, pa ulendo wa usiku wocokera ku New York kupita ku London, umene uli wa maora ngati 7, inayambitsa mwambo wakuti alendo adye pansi, m'cipinda codikirira, asanakwere, kuti m'mwamba apatsidwe kanthu kopepuka ndi kugona msanga. Ngati iwo anaona kuti maora 7 acepa kwa phwando ndi tulo pamodzi, nanga asanu?

Tsono mlandu uli pa yani? Pa anamwali ndi anyamata otumikira aja suli ai, ndipo ndidana nako kumva anthu alikuwanyoza. Nchito yao yeniyeni si kugawa mtedza. M'maiko ambiri lamulo liti pakhale wotumikira mmodzi pa mipando 50 iri yonse, cifukwa ca tsiku la ngozi. Aphunzira kuzima moto, kutsitsimutsa wokomoka, ndi kuturutsa anthu onse m'ndege m'masekondi 90, theka la makomo litatsekeka. Usiku uja ndinawaona alikuyenda ndi nkhope zotopa, alikucita monga mwa buku lao, pakuti wodumpha mzere umodzi wa bukulo adzayankha kwa mkuru wace. Mmodzi wa iwo, pakumva amalume alikubuula, anabwera ndi mtsamiro wina naupisa pansi pa maondo ao, osanena kanthu. Pa zonse zimene tinalandira usiku umenewo, mtsamiro uja wokha ndiwo unafika pa cosowa cathu. Ndipo ndikaika ngati unalembedwa m'buku.

Mlandu woyamba uli pa eni makampani, amene atenga dongosolo la ulendo wa maora 12 nalipanikiza m'ulendo wa asanu, cifukwa mbale yokongola ioneka pa cithunzi ca malonda, koma tulo sitioneka. Mlandu waciwiri, ndipo pano ndidzakwiyitsa ena, uli pa ife okwera, makamaka ife a kuno amene tikwera ndi ndarama za eni. Pafupi ndi ife panakhala bwana wina, wolankhula cinenero cathu comwe, amene anadya zonse kuyambira pa mtedza kufikira pa zotsekemera, naitanitsa vinyo katatu, najambula mbale iri yonse pa foni yace; ndipo poona kuti mkate wacedwa, anaomba belu. Anandiuza yekha kuti apita ku msonkhano, ndi kuti tikiti anamgulira a ku ofesi. Munthu wotere sadandaula za tulo, pakuti sanagulitse malo ace. Cimene afuna nkuoneka kuti ali kutsogolo kwa nsaru. Ndipo kampani imva mau ace koposa a wodwala, popeza iye ndiye akwera kawiri kawiri, ndipo akamanidwa mbale imodzi alemba kalata. Wodwala salemba kalata.

Apa ndipo nkhani iyi ikhudza ndi inu omwe amene simudzakwera ndege konse. Pakuti maulendo a akuru a boma alipidwa ndi msonkho umene mupereka pogula zinthu m'sitolo. Dziko lino lakangana kale za izi. M'caka ca 2013 Mai Joyce Banda, mwana wa ku Malemia kuno, ali mtsogoleri wa dziko, anagulitsa ndege ya pulezidenti imene inagulidwa m'caka ca 2009. Ndipo m'November 2023, kwacha itagwa ndi magawo 44 pa 100, Dr Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo a kunja a akuru a boma kwa miyezi ingapo. Ine sindinena kuti mtumiki wa anthu asagone pa kama. Ngati atsika m'ndege 7 koloko ndi kukaimira dziko lace 9 koloko, agone ndithu, ndipo ndarama zathu zagwira nchito. Koma cifukwa comgulira malo a kutsogolo ndico cimeneco cokha. Akaucezera usiku ndi vinyo, nakawodzera mu msonkhano, watidya kawiri.

Wina adzati, Nanga iye amene wafika ndi njala, wocokera ku ndege ina, asadye kodi? Adye. Koma pali njira yodyetsa wanjala osadzutsa mudzi wonse. Afunse munthu ali yense ndege isananyamuke, Mudya kapena mugona? ndipo m'mawa tikudzutseni kapena ai? Wofuna kudya amtulire zonse pa thireyi imodzi, kanyali ka pa mpando pace kali koyaka, magetsi akuru atazima. Wofuna kugona amyalire pomwe lamba wamasulidwa, namuikire botolo la madzi pambali, asamkhudzenso kufikira ndege iyamba kutsika. Ca m'mawa cikhale tiyi ndi kamkate, cimene munthu atha m'mphindi 10. Malonda a mafuta onunkhira akhale a usana. Zonsezi sizifuna ndarama zoonjeza. Zicepetsa ndi nchito yomwe ya otumikira. Wina adzatinso, Mlendo wolipira zambiri akapanda kuona zambiri adzayesa kuti tamnyenga. Mau awa ngoona kwa bwana wa foni uja. Ndipo ndiwo aonetsa poyera kuti cipinda cija acikonzera maso a munthu, naiwala msana wace.

Ndisanamizire eni ndege okha, nthenda iyi iri ndi m'midzi mwathu momwe. Ndani wa ife sanafikepo kwa abale usiku, atayenda tsiku lonse, miyendo itatupa, wosafuna kanthu koma madzi osamba ndi mphasa. Ndipo pomwepo eni nyumba ayamba kuthamangitsa nkhuku ndi muuni? Mlendo akhala pa mpando kuwodzera, kudikira nkhuku ipse, pakuti kukana nkunyoza. Tinena kuti mlendo ndi mame; koma nkhuku ija kawiri kawiri iphedwa kuti mawa anthu a m'mudzi asati, Pa nyumba paja mlendo anagonera masamba. Agogo anga aamuna ananyamulako macila kukwera phiri lino m'masiku a Azungu a boma, nchito yowawa imene sanaikumbukire ndi cimwemwe. Koma ankati gulu lodziwa nchito linkadziwika ndi cinthu cimodzi, kuti wonyamulidwayo afika pamwamba ali m'tulo, osadziwa kuti onyamula asinthana mapewa kangati.

Tsono inu amene mudzaperekeza wodwala, mverani zimene ine ndinaphunzira mocedwa. Dzina lakuti bizinesi kalasi silitanthauza kama masiku onse. M'ndege za kanjira kamodzi pakati, monga zambiri za mtundu wa Boeing 737, mpando wa kutsogolo ungotsamira pang'ono cambuyo, sugona pansi ai. Kama apezeka kawiri kawiri m'ndege zazikuru za tinjira tiwiri, monga Boeing 787 ndi Airbus A350. Musalipire musanafunse wogulitsa tikiti mtundu wa ndege, ndipo mudziwenso kuti kampani itha kusintha ndegeyo tsiku lomwelo. Sankhani mpando wa kutali ndi khichini ndi cimbudzi, pakuti kumeneko phokoso silitha. Mdyetseni wodwala wanu pansi, m'cipinda codikirira, popeza cakudya ca m'menemo munalipira kale pa tikiti. Ndipo polowa pakhomo pa ndege musacite manyazi a kumudzi. Uzani mkuru wa otumikira mau omveka, kuti munthu uyu asadzutsidwe ndi ca usiku kapena ca m'mawa.

Ife tinacita cotero pobwerera, patapita masabata 6. Ndinaima pakhomo ndi kunena mau anga kawiri. Mkuru wa otumikira, mai wacikulire, anandimvera, nalemba kanthu pa kapepala, nakamata pa mpando wa amalume. Magetsi akuru anayakabe maora awiri monga kale, pakuti buku silinasinthe. Koma iye anabwera ndi kansaru kophimba m'maso ndi totsekera m'makutu, naletsa kangolo kuima pa mzere wathu. Amalume anagona maora atatu ndi theka. Pa Chileka anatsika ali ndi mphamvu yakufunsa ngati mvula yagwa ku Zomba, ndi ngati mwana amene tinamsiyira mbuzi wazisunga bwino. Popita kumudzi tinadzera ku Chinamwali. Pa malo paja mwini wace watsopano anali atamanga kale maziko, ndipo amalume anauza woyendetsa galimoto kuti asaime.